Mmene mungachitire ndi masapota aliuma pa intaneti

Achimwene, mwafunsa kuti mutani ndi anthu amene akakonda timu, woimba kapena mtundu wa foni, mukangotchula cholakwika chimodzi amakuunjikiranitu, ndipo umboni uliwonse saumva.

Musanataye nthawi, muyeseni munthuyo ndi funso limodzi: "Ndi umboni wotani umene ungakuchititseni kuvomera kuti apa panalakwika?" Akatchula chinthu, kaya zigoli za magemu asanu apitawa kapena kanema wa zimene woimbayo analankhula, pali poyambira. Kutsutsa galu n'kukumba, ndiye pitani mukachibweretse. Koma akati "palibe", kapena akayamba zoti "inuyo ndinu ndani, mwapangapo chiyani?", dziwani kuti mwakumana ndi nkhutukumve. Kuyambira apo mukulembera anthu ena amene akuwerenga mwakachetechete, osati iyeyo, ndipo iwo amayang'ana kuti wodekha ndani, amene ali ndi umboni ndani.

Sikuti anthuwa alibe nzeru. Mu 1957 katswiri wa kaganizidwe ka anthu, Leon Festinger, anafotokoza kuti munthu akapeza umboni wotsutsana ndi chimene amakhulupirira kwambiri, mtima sukhala m'malo, ndipo njira yapafupi yoti ukhazikike ndi kukana umboniwo. Kwa sapota weniweni timu ili m'magazi, mukaigenda mwagenda iye. Komanso anzake akuonerera, kubweza mawu kwa iye n'kugwa nkhope. N'chifukwa chake mawu ngati "inu nonse a timu imeneyi simuganiza" amaononga zonse: mwasiya nkhani, mwaputa gulu lathunthu. Lozani chochitika chimodzi, tsiku lake ndi kumene mwachitenga. Yambani ndi chimene mukugwirizana naye, mwachitsanzo "chimbale chake choyamba chinalidi chabwino", kenako nenani panu. Ngati ndi munthu womudziwa, mulembereni kumbali. Ambiri amafewa kukakhala kopanda oombera m'manja.

Pali misampha iwiri imene imakola anthu ambiri. Wina amakuthirani mfundo khumi mu ndemanga imodzi, zina zabodza, zina zosakhudzana n'komwe. Alberto Brandolini, katswiri wa mapulogalamu a kompyuta wa ku Italy, ananena mu 2013 kuti kutsutsa bodza kumadya mphamvu zochuluka kwambiri kuposa kulipeka. Mukati muyankhe zonse khumi, iye aponya zina khumi inu muli pa yachitatu. Tengani imodzi yokha, yomwe ili phata la nkhani, muimalize. Msampha wina ndi wa "nanga uje bwanji?" Yankho lake n'lalifupi: "Za ujeyo tikamba, koma iyi mukuivomera kapena ayi?" Akazemba kawiri, basi.

Dziikireni malire a mayankho atatu. Loyamba mfundo ndi umboni, lachiwiri kuwongola pamene sanamvetse, lachitatu kutsanzika: "Apa tasiyana maganizo, owerenga adziweruzire okha." Mawu omaliza musiyireni iyeyo, sapindula nawo kanthu. Kumbukiraninso kuti ndemanga zikachuluka positi imaonekera kwa anthu ambiri, ndiye mkwiyo wanu umangomuitanira anzake.

Chimene chimabwezera anthu ambiri mumkangano ndi foni kumangolira. Pa Facebook zimitsani mauthenga a positi imeneyo yokha, ndipo munthu wotopetsa mukhoza kumuika pa Snooze, kutanthauza kuti mapositi ake sakuonekerani kwa masiku 30, iye sadziwa. Pa WhatsApp gulu mungalitontholetse kwa maola 8, sabata imodzi kapena mpaka kalekale. Pa X (yomwe kale inali Twitter) mungatchinge ngakhale mawu enaake kuti asamakuonekereni. Kwa wamakani chabe zimenezi n'zokwanira. Kumubuloka nthawi zina kumangomupatsa chojambula n'kumakaonetsa anzake kuti mwathawa.

Zikafika potukwana makolo anu, kukuopsezani kapena kufalitsa nambala ndi zithunzi zanu, imeneyo si nkhani ya mtsutso ayi. Jambulani kaye uthengawo moonetsa dzina la akauntiyo ndi tsiku, sungani linki yake, kenako mumuneneze kwa ma adimini ndi kwa eni tsambalo, ndiye mumubuloke. Ndondomekoyi musaitembenuze, chifukwa mukayamba n'kubuloka, zimene analembazo mwina simuzionanso pamene mukuzifuna.