Akurdi, Akhristu, Ayuda ndi a Chialevi ku Turkey: tiwatchule bwanji?

Funso: Ndikulemba nkhani ya pa wailesi yokhudza ufulu wa magulu anayiwa. Kodi ndinganene kuti ndi "mitundu ing'onoing'ono"? Nanga nzika ndi mbadwa n'chimodzi?

Yankho: Mawu awiri onsewo, "mitundu" ndi "ing'onoing'ono", akusokeretsani. Mtundu umayendera kubadwa ndi chiyankhulo, choncho Akurdi ndi mtundu ndithu, ali ndi Chikurdi chawo. Koma Chialevi ndi chikhulupiriro, ndipo ochitsatira ena ndi Akurdi, ena ayi. Mawu okwanira onse ndi "magulu". "Ing'onoing'ono" nayonso siyenera anthu okwana mamiliyoni ambiri ngati Akurdi. Ngakhale "ochepa" payekha amamveka ngati mukuwapeputsa, ndiye lembani kuti "magulu ochepa m'chiwerengero".

Samalani kwambiri ndi mawu oti "ovomerezeka ndi boma". Pangano la ku Lausanne la 1923, la pakati pa Turkey ndi mayiko ena, linateteza okhawo omwe si Asilamu, ndipo kwa zaka zambiri boma linkawerengera magulu atatu: Akhristu a Chiarmenia, Akhristu a Chigiriki ndi Ayuda. Akurdi ndi a Chialevi mulibe m'menemo, ndipo madandaulo awo ambiri amachokera pomwepo.

Nzika ndi ya lamulo, mbadwa ndi ya kubadwira. Nkhani yanu ndi ya unzika, chifukwa ndime 66 ya malamulo aakulu a 1982 imatcha nzika iliyonse ndi dzina la mtundu waukulu wa m'dzikomo, loti "Turk", zomwe Akurdi ambiri amakana. Mgwirizano wa mawu musauphonye: nzika iyi, nzika zonse n'zofanana, osati "nzika onse".

Pa kalembedwe, Mkurdi ndi Akurdi zikutsata Myuda ndi Ayuda. Alevi ndiye amavuta, poti amayamba kale ndi a. Mukalemba "Aalevi", wowerenga nkhani amameza a mmodzi, omvera osadziwa ngati ndi munthu mmodzi kapena ambiri. Nenani wa Chialevi, a Chialevi.

Malo opembedzera a Chialevi ndi cemevi, ndipo c ameneyo amatchulidwa ngati j. Chonde musawatche mzikiti. Eni ake akhala akumenyera zoti cemevi ilemekezedwe mofanana ndi mzikiti, tchalitchi ndi sunagoge, mpaka mu 2016 khothi la ku Ulaya la ufulu wa anthu, lomwe lili ku Strasbourg, linagamula kuti boma la Turkey limawasala pa chipembedzo. Poyamba tchulani kuti "cemevi, nyumba yopembedzeramo a Chialevi", kenako cemevi basi.