Nkhuku ya pa 4 October

Mchemwali wina wa ku Johannesburg wandilembera imelo, akuti makolo ake anathawa nkhondo ya ku Mozambique, iye anakulira ku Ntcheu, ana ake anabadwira ku Joni konko, ndiye akufunsa ngati kuli kofunika kuwaphunzitsa masiku okondwerera a kwawo kwa agogo. Achemwali, funso lanuli landilasa mtima, ndawerenga katatu.

Mayi anga anachoka ku Angonia mu 1986 atandibereka kumbuyo, nthawi imene Matsanga, a Renamo aja omwe ankamenyana ndi boma, ankaotcha midzi. Anangodumpha msewu pa Lizulu, paja msewuwo ndiye malire, kutsidya Mozambique kuno Malawi, koma chilankhulo chimodzi, Angoni omwewo, ndiye zimandiwawabe ndikakumbuka kuti kusukulu ankatinena kuti obwera. Othawa nkhondo anafika miliyoni imodzi m'Malawi muno, ku Nsanje, Mwanza, Dedza, Ntcheu mbwee. A Frelimo, chipani cholamula, ndi a Renamo atasainirana mtendere ku Rome pa 4 October 1992 ambiri anabwerera, mayi anakana, amati kumene kuja kulibenso wowalandira.

Koma chaka chilichonse pa 4 October amapha nkhuku ya lokolo, kuphika mpunga ndi kachewere, thobwa atafululiratu, ndipo sanatiuzepo chifukwa chake. Ife timangodya basi. Pa Khirisimasi amatipatsa moni wa Chipwitikizi, Boas festas, ife nkumaseka, osadziwa kuti kwawo tsiku la 25 December boma limalitchula Dia da Família, tsiku la banja, ndiye iwo amakhala akuwerenga mumtima abale omwe kulibe. Ndinadzazindikira ndili wamkulu, mayi atatisiya kale, ndipo mpaka lero dzina la mchimwene wawo yemwe anatsala m'tchire usiku uja sindilidziwa.

Anthu amati osamawauza ana za nkhondo, zimaopsa. Ine ndikukana, ndikukanitsitsa. Kukhala chete kuja kunandibera malume anga, mwana wa zaka teni atha kumva kuti agogo anayenda usiku opanda nsapato.

Ndiye mupange bwanji

Sankhani tsiku limodzi, kaya 25 June lokumbukira ufulu wa Mozambique wa 1975 kaya 4 October, muphike zomwe amayi anu amaphika. Ngati ali moyo muwaimbire pa WhatsApp atchule okha dzina la mudzi wawo ndi mayina a abale, ana alembe m'kope.