Kutsogolera gulu la othamanga pa marathon

Achimwene, pa nkhani yoti mutsogolere gulu la othamanga pa marathon, mpikisano wa mtunda wautali, kuti limalize pa nthawi yoikika, musavomere kutsogolera gulu lofuna kumaliza m'maola 4 ngati inunso nthawi imeneyi mumaikwanitsa movutikira. Pemphani gulu la maola 4 ndi theka. Wotsogolera amafunika mphamvu zapadera, chifukwa pa makilomita 42.195 onsewo amanyamula mbendera, amayang'ana wotchi, kwinaku akulimbikitsa anthu amene miyendo yawalemera.

Maola 4 amatanthauza mphindi 5 ndi masekondi 41 pa kilomita iliyonse, pomwe maola 4 ndi theka ndi mphindi 6 ndi masekondi 24. Chovuta kwambiri, malinga ndi zimene ndaona, ndi kuletsa gulu kuyamba ndi phuma, pakuti ofulumira poyamba ndi omwewo amene amayamba kuyenda akapitirira kilomita ya 30. Ine ndinazolowera ntchitoyi pa msewu wochoka kuno ku Mzuzu kupita ku Ekwendeni, kumene zitunda zimakakamiza munthu kuchepetsa liwiro pokwera ndi kubweza masekondiwo potsika. Chimene chimandikoka n'kuona munthu amene amati sangathe akukangamirabe pambali panga, thukuta lili kamukamu, mpaka kumapeto.

Ngati mumamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kapena muli ndi vuto la BP, kaonaneni ndi dokotala musanayambe kukonzekera.