Kujambulanso nyimbo za malemu pofuna kuthandiza ana amasiye

Achimwene, mwafunsa ngati pakufunika chilolezo pamene oyimba khumi akufuna kujambulanso nyimbo za mnzawo amene anatisiya, ndalama zake n'kukathandiza ana amasiye. Inde, chikufunika, ngakhale cholinga chikhale chabwino chotani. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza nyimbo kwa zaka 50 woipeka atamwalira, ndipo umwini wake umalowa m'chuma cha masiye.

Musanalipire situdiyo, pezani munthu amene ali ndi mphamvu yosayina. Ambiri amagwera pamenepa. Amapita kwa m'bale wa malemu amene ankayimba naye, iye n'kuvomera pakamwa, chimbale chikatuluka mayi wamasiye ndi ana n'kubwera ndi loya. Pemphani wilu ngati ilipo, kapena kalata ya kukhoti yotchula woyang'anira chumacho. Kenako pitani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina m'Malawi, ndi mndandanda wa nyimbozo kuti muone amene analembetsedwa ngati opeka. Nyimbo ya bandi imatha kukhala ya anthu awiri kapena atatu, ngakhale anthu amangodziwa amene ankatsogolera.

Umwini uli pawiri: wa nyimbo yeniyeniyo, ndi wa zimene zinajambulidwa kale zija. Mukayimba ndi kuliza zida mwatsopano, mukhudza woyamba wokha. Koma mukadula mawu a malemu pa kaseti yakale kuti amveke limodzi ndi amoyo, mufunikanso chilolezo cha amene analipira kujambulako, ndipo nthawi zina imakhala kampani osati banja. Kusintha mawu, kuwamasulira m'Chitumbuka kapena kuwonjezera vesi ya rap, zonsezi zilembedwe mu mgwirizano. Woyimba amene ali pa kontirakiti ndi kampani abweretse kalata yomulola.

Chonde banjalo musalifune pa siginecha pokha. Chimbale cha Red Hot + Riot cha 2002 chinali cha nyimbo za Fela Kuti, woyimba wa ku Nigeria amene anamwalira mu 1997, ndipo ndalama zake zinali zolimbana ndi Edzi. Mmenemo munayimba mwana wake Femi Kuti komanso Tony Allen, amene ankayimbira Fela ng'oma. Anthu otere ndi amene amadziwa kayendedwe ka nyimbo za malemu, ndipo akakhalapo banja limaona kuti ntchitoyo ndi yawonso.

Gawanani nyimbo msanga, chifukwa aliyense adzafuna yotchuka ija. Sankhani kiyi (kukwera kapena kutsika kwa mawu) yoyenera woyimbayo zida zisanajambulidwe. Nyimbo ya mawu a bambo imamuvuta mayi, ndipo kuikweza pa kompyuta pambuyo pake kumaononga kamvekedwe ka gitala. Ngati mukujambula m'masitudiyo osiyana, onse atumize nyimbo ngati fayilo yosafinyidwa ya WAV ya 24-bit, 48 kHz, osati MP3. Pa WhatsApp mutumize ngati document, apo ayi imafinyidwa. Mastering, kukonza komaliza kwa kamvekedwe ka nyimbo zonse, achite munthu mmodzi, kuti nyimbo ina isaphokosere inzake ili pansi. Iliyonse ikhale ndi nambala yakeyake ya ISRC, yozindikiritsa nyimbo yojambulidwa, musagwiritse ya malemu.

Pa ndalama, pewani kulengeza kuti "phindu lonse lipita kwa ana". Mukachotsa za situdiyo, zikwangwani ndi holo, phindulo limatha kukhala lopanda kanthu, anthu n'kuyamba kukukayikirani. Nenani poyera kuti pa chimbale chilichonse chogulidwa, ndalama zakuti zipita kubungwe lakuti. Tsegulani akaunti yapadera yosayina anthu awiri, mmodzi wochokera kubungwelo.

Ngati banja lavomera kusiya gawo lake la zogulitsa, lilembe, ndipo pakhale malire a nthawi, monga zaka ziwiri. Koma gawo la wopeka limene COSOMA imatolera nyimbo zikamaulutsidwa pa wayilesi, ine ndikuti lisiyireni banjalo. Ana a malemuwo nawonso ndi amasiye, ndipo mwina ndalama imeneyo ndi imene ikuwalipirira sukulu.