Ma CD a kwaya akundithera m'manja, ndigule makina ati?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Ulongwe, ku Mozambique: "Ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kutayipa. Kwaya ya kutchalitchi kwathu yajambula nyimbo zake ndipo yandipatsa oda ya ma CD 200. Koma pa ma CD 10 aliwonse, atatu amaonongeka, kompyuta n'kulemba kuti buffer underrun. CD yopanda kanthu ndimagula 20 meticais. Ku Tete ndapeza makina awiri owotchera CD: oika m'kati mwa kompyuta olembedwa 52x, koma ndi ogwiritsidwapo ntchito kale, ndi atsopano a USB olembedwa 24x. Nditenge ati?"

Bambo, tiyambe ndi kuwerenga zomwe mukutaya. Ngati atatu pa 10 akufa, kuti mutulutse 200 abwino muyenera kugula pafupifupi 286. Ma CD 86 otayawo ndi 1,720 meticais, musanawerengere magetsi ndi nthawi yanu. Ndiye mwachita bwino kuima kaye.

Makina owotchera CD amalemba ndi kuwala kwa leza pamzere umodzi wozungulira, woyambira pakati kupita kumphepete, wotalika makilomita oposa 5. Akayamba amafuna kulemba osaima. Kuti zimenezi zitheke, m'kati mwake muli kankhokwe kotchedwa buffer, kawirikawiri ka 2 MB, komwe kompyuta imathiramo nyimbo zisanalembedwe. Kali ngati pothirira chimanga pa chigayo: wothira akachedwa pang'ono, chigayo chimapitirizabe ndi chomwe chatsala pamwambapo. Akachedwetsa, chimauma. Kuuma kwa kankhokweko ndiye buffer underrun. Pa makina akale, kakauma leza imasowa cholemba, mzere umaduka, ndipo CD wamba yopanda kanthu (CD-R) poti silembedwa kawiri, yatha basi.

Nambala ya 52x, yomwe imanena liwiro lowotchera, isakukokeni. Liwiro la 1x ndi 150 KB pa sekondi. Pa 4x, kankhokwe ka 2 MB kamapirira masekondi atatu ndi kanthu kompyuta itadodoma. Pa 16x sikafika sekondi imodzi. Pa 52x, kuphethira kamodzi kokha katha kale. Liwiro likamakwera, kompyuta yokalamba imalephera kuthira mofanana nalo.

Mankhwala ake anabwera cha m'chaka cha 2000, pomwe kampani ya Sanyo inatulutsa luso lotchedwa BURN-Proof. Makina akaona kuti kankhokwe katsala pang'ono kuuma, amaimitsa leza, n'kusunga malo pomwe alekezera, kankhokwe kakadzaza n'kuyambiranso pomwepo. Kampata kotsala pamzerewo n'kakang'ono kwambiri moti wailesi zambiri sizikamva. Makampani ena anapanga zawo ndi maina awo: Ricoh ndi JustLink, Yamaha ndi SafeBurn, Lite-On ndi Smart-Burn. Ntchito yake ndi imodzi, choncho wogulitsa asakukwezereni mtengo chifukwa cha dzina la pabokosi. Pafupifupi makina onse opangidwa kuyambira nthawi imeneyo ali nacho chitetezochi, ndipo n'kutheka kuti anu omwe muli nawowo alinso nacho koma n'chozimitsa. Musanakwere chapa (minibasi) yopita ku Tete, tsegulani pulogalamu yowotchera CD monga Nero kapena ImgBurn, muone ngati kabokosi ka chitetezochi kali kochonga. Mwina simugula kanthu.

Onaninso mmene mukuwotchera. Ambiri amakopera kuchokera pa CD ya kwaya kapena pa flash kupita pa CD yatsopano mwachindunji. CD yoyambayo ikakhala ndi kokalika, makina amachedwa kuiwerenga, ndiye kankhokwe kamauma. Koperani kaye nyimbo zonse pa hard disk, muziwotcha kuchokera pamenepo, pa 16x, mutatseka Facebook ndi china chilichonse. Ndikudziwa kuti pashopu kasitomala wa fotokope sadikira, ndipo mumafuna kumutayipira kalata pa kompyuta yomweyo uku CD ikupsa. Dikirani mphindi zisanu kapena zisanu n'imodzi zimenezo.

Zikakanikabe, ine ndingatenge atsopano a USB aja. Leza imatopa ndi ntchito, ndipo ya makina ogwiritsidwa kale ntchito simungadziwe kuti yawotcha ma CD angati. Oika m'kati amafunanso kuti polumikizira pake pagwirizane ndi kompyuta yanu, poti akale ndi a IDE, a chingwe chotambalala chija, pomwe atsopano ndi a SATA. A USB mutha kuwasamutsira pa laputopu, ndipo ambiri amawotchanso DVD, yomwe anthu a maukwati amaifunabe. Chofooka chawo n'choti ndi opyapyala, amatentha msanga. Ma CD 200 pa mphindi 6 iliyonse ndi maola 20, ndiye gawani ntchitoyo masiku atatu kapena anayi, muziwapumitsa pakati. Mukafika m'sitolo funsani gravador (dzina la makinawa m'Chipwitikizi), mutenge CD yanu yopanda kanthu, awotche inu mukuona, ndipo akupatseni lisiti.

Chitetezochi chili ndi malire ake. Magetsi akathima CD ili pakati, palibe BURN-Proof yomwe ingaipulumutse. Pamenepo chothandiza ndi laputopu ya batire labwino kapena UPS, batire losunga kompyuta yoyaka magetsi akathima. Sichikonzanso ma CD otchipa osadziwika kochokera, kapena omwe akhalitsa padzuwa pamsika. Gulani 10 kaye, muyese, kenako mugule paketi.

Mufunsenso a kwaya kuti anthu awo akamvera pa chiyani. Audio CD imanyamula mphindi 80 zokha koma imalira pafupifupi pa wailesi iliyonse ya CD. Ya MP3 imanyamula nyimbo zoposa 100 pa CD yomweyo ya 700 MB, koma wailesi zakale siziiwerenga, ndipo CD-RW, yotheka kufufuta n'kulembanso, nayo zambiri zimaikana. Wotchani imodzi, akaiyese pa wailesi ziwiri kapena zitatu kumudzi, avomereze, mulandire theka la ndalama, ndiye muyambe. Poti nyimbozo ndi zawo, palibe mlandu. Za oimba ena popanda chilolezo musaziyambe, mabungwe oteteza ufulu wa eni nyimbo, SOMAS kuno ku Mozambique ndi COSOMA ku Malawi, alipo chifukwa cha zomwezo.

Ndipo musakongole ndalama chifukwa cha makinawa. Kuyambira ku Domwe mpaka ku Zobue anthu akumvera nyimbo pa foni ndi pa memori kadi, moti oda ngati iyi mwina siibweranso chaka chino. Makina omwe mungagule abweze mtengo wake pa ma CD 200 omwewa. Pokapereka katunduyo, auzeni a kwaya kuti mungawaikirenso nyimbozo pa memori kadi ndi pa flash, muwapatse mtengo wake tsiku lomwelo.