Mwana wokonda Biology: kodi digiri imeneyi idzamufikitsa ku udokotala?

Mayi wina wa ku Malindi kuno ku Mangochi wandilembera kalata yonena za mwana wawo wamkazi amene wakhoza mayeso a MSCE. Mtsikanayu wapambana kwambiri pa Biology, koma Chemistry ndi Masamu wangodutsa ndi ma credit a pamalire. Mtima wake uli pa udokotala, ndipo achibale amuuza kuti akapanda kusankhidwa kumeneko angotenga digiri ya Biology kapena ya Human Biology chifukwa zonsezo n'zimodzi. Mayiwo akufunsa ngati zimenezi zili zoona.

Mayi, zimenezi si zimodzi ayi, ndipo ndi bwino kuti mwana wanu adziwe zimenezi asanadzaze fomu ya NCHE, bungwe limene limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira opita ku mayunivesite a boma. Munthu amene akufuna kupima ndi kuchiza odwala amaphunzira digiri ya MBBS ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), sukulu imene inakhazikitsidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ndipo akamaliza amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Digiri ya sayansi ya Biology, imene imatenga zaka zinayi ku University of Malawi ku Zomba, imaphunzitsa munthu kumvetsa ndi kufufuza zamoyo, koma simupatsa chilolezo cholembera wodwala mankhwala. Ndimamva chisoni ndikakumana ndi wophunzira wa chaka chachitatu amene akuyembekezerabe kuti tsiku lina amusamutsira ku udokotala, chifukwa ameneyo amakhala kuti wataya zaka akuyang'ana kumbali m'malo moikapo mtima pa zimene zili patsogolo pake.

Dzina lakuti Human Biology mudzalipeza kawirikawiri m'mayunivesite akunja. Kuno kwathu maphunziro a thupi la munthu amapezeka mkati mwa madigiri ena, monga Biomedical Sciences, Medical Laboratory Sciences, kapenanso Medical Microbiology ndi Immunology amene amaphunzitsidwa ku Malawi University of Science and Technology ku Thyolo. Wophunzira wa maphunziro amenewa amaphunzira mmene mtima umapopera magazi, mmene impso zimasefera zoipa, mmene chiwindi ndi kapamba zimasamalira shuga wa m'thupi, ndiponso mmene chitetezo cha m'thupi chimalimbanira ndi tizilombo toyambitsa matenda. Biology wamba ndi yotakata kuposa pamenepa, pakuti imakhudza zomera, nyama, tizilombo tosaoneka ndi maso, zotengera ku makolo kudzera mu DNA, komanso mgwirizano wa zamoyo ndi malo amene zimakhalamo.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata mwanu ndi Chemistry ndi Masamu. Ana ambiri amakonda Biology ya ku sekondale chifukwa amatha kuloweza mayina a mafupa ndi kujambula duwa mokongola, koma ku yunivesite kuloweza kokha sikufikitsa munthu patali. Chaka choyamba wophunzira amatenga Biology pamodzi ndi Chemistry, Physics ndi Masamu, ndipo sangapitirire atalephera maphunziro amenewa. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: zonse zochitika mu selo, kuyambira pa kugaya chakudya mpaka pa kugwira ntchito kwa mankhwala a malungo, ndi Chemistry yokhayokha, pamene kafukufuku wa chaka chomaliza amafuna kuti wophunzira awerengetsere bwino zimene wapeza ndi kusonyeza ngati zili ndi tanthauzo kapena zangochitika mwamwayi. Ngati mtsikanayu ali ndi miyezi yodikira kunyumba, atenge mabuku ake a Fomu 3 ndi Fomu 4 a maphunziro awiriwa, ayambirenso kusova mafunso tsiku ndi tsiku.

Tsono ndikuuzeni chifukwa chimene ine ndimalemekezera digiri ya Biology, makamaka kwa mwana wokulira m'mphepete mwa nyanja. Taganizani za likodzo, matenda amene makolo ambiri kuno amawadziwa akaona mwana akukodza magazi. Dokotala amapereka mankhwala a praziquantel ndipo mwanayo amachira, koma akabwerera kukasambira pa dooko lomwelo amadwalanso. Wophunzira Biology ndi amene amapita pa dookopo m'mawa, n'kumatola tinkhono ta mtundu wa Bulinus m'mabango ndi mumchenga, kutiika m'timabotolo ta madzi pamalo owala, n'kudikira kuti aone ngati titulutse tizilombo timene timaboola khungu la munthu. Akafika mu labu amaika kadontho ka mkodzo pansi pa maikulosikopu, ndipo akaona dzira lokhala ndi kaminga kumapeto kwake amadziwa kuti ndi la Schistosoma haematobium, kachilombo koyambitsa likodzo. Munthu ameneyu sanagwire wodwala, komabe ndi iye amene angauze azaumoyo madooko oopsa ndi nyengo imene matendawa amafala kwambiri. N'chimodzimodzinso ndi malungo, pakuti pamafunika wodziwa kusiyanitsa udzudzu wa Anopheles ndi udzudzu wina, ndi kuyesa ngati mankhwala a m'masikito akuuphabe.

Mbali ya nsomba nayo ili pakhomo penipeni. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo n'chifukwa chake UNESCO inaika Lake Malawi National Park ya ku Cape Maclear pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Kuchepa kwa chambo ku Malombe ndi kumwera kwa nyanja ya Malawi ndi funso la Biology, ndipo ku Monkey Bay kuli malo a boma ofufuzira za nsomba. Amene mtima wake wakopeka ndi zimenezi aonenso madigiri a za nsomba ku Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources (LUANAR) ndi ku Mzuzu University.

Pa nkhani ya ntchito sindikunamizani. Womaliza digiri ya Biology salembedwa ntchito mwachangu, ndipo ambiri amayamba ndi kuphunzitsa ku sekondale, kuthandizira kafukufuku m'mabungwe onga Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, kapena kugwira ntchito m'nthambi za boma zoona za nsomba, nkhalango ndi zachilengedwe. Amene akufuna kukwera pa kafukufuku amafunika digiri yachiwiri. Ngati cholinga chili kugwira ntchito mu labu ya chipatala, ndi bwino kusankha Medical Laboratory Sciences kuyambira pachiyambi, popeza ndiyo imatsegula khomo lolembetsera ntchito imeneyo.

Podzaza fomu, mwana wanu awerenge zofunika pa pulogalamu iliyonse, chifukwa ma credit 6 kuphatikizapo Chingerezi ndi poyambira chabe, ndipo ku udokotala mpikisano umakhala waukulu pa maphunziro omwewo amene iye wafooka. Asaike mapulogalamu ovuta okhaokha pa malo onse. Akasankhidwa, afunsire msanga ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndipo mukaganiza za yunivesite yomwe si ya boma, muyambe mwatsimikiza kuti pulogalamuyo ndi yovomerezeka ndi NCHE musanalipire fizi. Pakadali pano, mupite naye ku Mangochi boma, kumene KUHeS ili ndi nthambi yake, akacheze ndi ophunzira udokotala, kenaka akapemphe kulankhula ndi wogwira ntchito mu labu ya chipatala, kuti amve kwa eni ake mmene tsiku lawo la ntchito limayendera asanalembe chisankho chake choyamba.