Lisi yatha koma lendi akulandirabe: muli m'gulu liti?

Mayi, mwati lisi yanu ya zaka ziwiri inatha, ina simunasaine, koma lendi mukulipirabe ndipo alandilodi akulandira. Mukufunsa ngati angakutulutseni mawa lomwe. Mwachidziwikire ayi, ndipo chifukwa chake chagona pa mtundu wa utenanti womwe muli nawo tsopano.

M'malamulo a common law, omwe anachokera ku zigamulo za makhoti a ku England, mitunduyi ilipo inayi. Munayambira pa fixed term, yomwe tsiku loyamba ndi lomaliza limadziwika, ndipo imatha yokha popanda notisi. Makhoti saseweretsa nkhani ya tsikuli: mu 1944, pa mlandu wa Lace v Chantler ku England, lisi yoti idzathe nkhondo ikadzatha inakanidwa poti palibe ankadziwa kuti ndi liti.

Lisi itatha inu osasamuka, eni nyumba osavomera komanso osakana, munali tenant at sufferance, munthu wongopiriridwa, wosafunika notisi. Akanati "bakhalani kaye" osatchula nthawi, ikanakhala tenancy at will, yomwe aliyense angaithetse pomwe wafunira, ndipo imatha yokha wina akamwalira.

Koma iwo analandira lendi. Zikatero khoti kawirikawiri limati pabadwa periodic tenancy, yodzibwereza yokha mpaka wina atapereka notisi. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: kutalika kwake kumatengera momwe lendi inawerengedwera, osati momwe mumalipirira. Ngati pepala lakale linalemba lendi ya pachaka, inu n'kumapereka pang'onopang'ono mwezi uliwonse, utenanti wanu ungakhale wa chaka ndi chaka, ndipo notisi yake ndi miyezi 6. Ngati linalemba ya pamwezi, notisi ndi mwezi wathunthu, wothera pomwe mwezi wa lendi ukuthera. Tinene kuti mwezi wanu umayamba pa 5. Notisi ikabwera pa 20 March, singathere pa 20 April. Ifika mpaka pa 4 May.

Chenjerani pa chinthu chimodzi chokha: ngati nthawi yonseyi mwakhala mukukambirana za lisi yatsopano, khoti lingati ndalamazo ankalandira modikira, ndiye muli pa tenancy at will basi. Sungani malisiti onse ndi mauthenga a pafoni. Muwerengenso lisi yakaleyo, mwina inanenapo za kukhala mopitirira nthawi, kenaka mufunse loya ngati malamulo a dziko lanu anawonjezera masiku a notisi, chifukwa mayiko ambiri anatero.